Zinthu 12 Zodabwitsa Zomwe Wosewera Magemu ku Chiradzulu Adziwe Asanagule Rauta

Mukakwera minibasi pa Limbe yolowera ku Njuli, Mbulumbuzi kapena ku Nguludi masiku ano, simulephera kuona mnyamata atagwira foni chopingasa, maso ali tong'o pagalasi, zala zikuthamanga. Ena ndi a mpira, eFootball kapena Dream League Soccer. Ena ndi a PUBG Mobile, Free Fire ndi Call of Duty Mobile. M'nyumba zina mwafika PlayStation ndi makompyuta. Dandaulo la onsewa ndi limodzi, lakuti gemu ikukakamira, ndipo mankhwala omwe ambiri amathamangira ndi kugula rauta ya nyanga zambiri. Koma ndalama ikuvuta, ndipo katundu wochokera kunja sagwirika chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zimandiwawa kuona mwana atasunga ndalama miyezi yambiri n'kukagula chipangizo chomwe sichithetsa vuto lake.

1. Gemu imadya data yochepa kuposa makanema a pa TikTok.

Ambiri sakhulupirira akamva koyamba. Mukamasewera ndi mnzanu wa ku Lilongwe kapena ku Lagos, bwalo, osewera, nyumba ndi mfuti zomwe mukuonazo sizikuchokera pa intaneti ayi. Zili kale mufoni kapena mu PlayStation yanu. Chomwe chimayenda pa netiweki ndi timauthenga ting'onoting'ono tonena kuti wakhotera kumanzere, wadumpha, waponya mpira. Magemu ambiri safika n'komwe pa 1 Mbps, ndipo pa ola lathunthu amadya mamegabaiti makumi angapo, ena kupitirira 100 pang'ono. Chimene chimapsereza bandulo ndi kudawuniloda gemuyo ndi maapudeti ake. Call of Duty ya pa kompyuta kapena pa PlayStation imatha kupitirira 100 GB.

Chomwe gemu imafuna ndi nthawi. Ping ndi nthawi yomwe kauthenga kamatenga kupita ku seva ya gemu n'kubwerako, ndipo amaiwerenga m'mamilisekondi, kutanthauza kuti sekondi imodzi yagawidwa ka 1,000. Ping ikakhala 40, mukadina batani mpira umachoka nthawi yomweyo. Ikafika 200, mwadina kale koma wosewera wanu akadali ndi mpira kumwendo, ndipo pomwe aziuponya mdani wafika. Choipa koposa ndi ping yodumphadumpha. Ya 90 yokhazikika ndi yabwino kuposa yomwe pano ili 40, kenako 300, chifukwa zala zimazolowera kuchedwa komwe sikusintha, koma sizingazolowere chinthu chosadziwika mutu wake.

2. Nambala yaikulu ya pabokosi ndi masamu ophatikiza chabe.

Rauta yolembedwa AC1200 siyipereka 1,200 Mbps kwa munthu aliyense. Anangophatikiza 300 ya mbali imodzi ya Wi-Fi ndi 867 ya mbali inayo, n'kukweza pang'ono kuti nambala ikome. Foni yanu imalumikiza mbali imodzi yokha pa nthawi imodzi. Komanso liwiro limeneli ndi la pakati pa rauta ndi foni basi. Ngati nsanja ya netiweki ikukupatsani 10 Mbps, rauta ya mtengo uliwonse idzakupatsani 10 yomweyo.

3. Pali kuchedwa komwe rauta iliyonse padziko singachotse.

Uthenga wa pa intaneti umayenda ngati kuwala m'zingwe za faibala, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Zikumveka zoopsa, koma werengani bwino: makilomita 100 alionse amawonjezera milisekondi imodzi pa ulendo wopita ndi kubwerera. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,400 mutawongola njira, ndiye mamilisekondi 14 apita kale. London ili pa makilomita opitirira 8,000, kutanthauza mamilisekondi oposa 80 ngakhale chingwe chitakhala chowongoka kuchokera pakhomo panu. Chingwe chowongoka chotero kulibe. Zingwe zenizeni zimazungulira m'mbali mwa nyanja, zimadutsa m'makina ambirimbiri, ndipo amene akusewera pa seva ya ku Ulaya asadabwe kuona ping ya 180 kapena 200. Rauta yanu ili ndi ulamuliro pa mamita ochepa okha a ulendo wonsewo, kuchokera pabalaza kufika kuchipinda.

4. Intaneti ya ku Namitambo imadalira zingwe zomwe zagona pansi pa nyanja ya Indian Ocean.

Malawi sanagunde nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imadutsa m'maiko oyandikana nawo kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja zomwe zimatulukira m'malo monga Dar es Salaam ndi Maputo. Chingwe cha SEACOM chinayamba kugwira ntchito mu 2009, cha EASSy mu 2010. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwirizi zinaduka m'nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Mozambique ndi kuno kwathu kwa masiku angapo. Aliyense amene anaganiza sabata imeneyo kuti rauta yake yatha ntchito ankaimba mlandu chipangizo chosalakwa. Gemu ikayamba kuvuta mwadzidzidzi, yambani mwafunsa anzanu a netiweki yomweyo ngati nawonso zikuwachitikira.

5. Njira yochepetsera ping kwambiri ndi yaulere.

Zaka zingapo zapitazo pafupifupi gemu iliyonse inkatitumiza ku Ulaya kapena ku Asia. Zinthu zasintha. Microsoft inatsegula malo ake osungirako maseva ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula ku Cape Town mu 2020, ndipo Google inafika ku Johannesburg mu 2024. Kampani ya Valve ili ndi maseva a Dota 2 ndi Counter-Strike ku South Africa. Ngati gemu yanu ikulolani kusankha dera, lowani m'masetingi n'kuona ping ya dera lililonse. Kuchoka pa seva ya ku Ulaya kubwera pa ya ku South Africa kumatha kudula ping ndi theka kapena kuposa, osalipira tambala. Vuto lake n'lakuti osewera a kuno ndi ochepa, ndiye nthawi zina mumadikira kuti mupeze osewera nawo. Kwa ine kudikirako kuli bwino kuposa kusewera mphindi makumi awiri mukukwiya.

6. Phiri la Chiradzulu lili ndi mphamvu pa gemu yanu kuposa dzina la rauta.

Apa ndi pomwe pagona nkhani kwa ife a boma lino. Nyumba zambiri kuno sizinafikidwe ndi faibala, ndiye rauta yomwe tikukambayi nthawi zambiri ndi ya SIM khadi, yokoka netiweki ya Airtel kapena TNM. Mafunde a netiweki saboola phiri. Dera lathu ndi la zitunda ndi zigwa, ndipo nyumba ziwiri zotalikirana mamita 300 zitha kusiyana kotheratu, ina ikuona nsanja bwinobwino, ina yabisika kuseri kwa chitunda. Mnzanu wa ku Namadzi akakuuzani kuti kampani yakutiyakuti ndiye yabwino, akunena za pakhomo pake, osati panu. Musanagule rauta, yesani ma SIM onse awiri m'nyumba mwanu momwemo, ndipo muyese madzulo, cha m'ma 7 mpaka 10 koloko, nthawi yomwe mudzi wonse uli pa WhatsApp ndi Facebook. Nsanja imodzi imagawira anthu onse omwe ali pansi pake, ndipo netiweki yothamanga mbandakucha ikhoza kukhala ina madzulo.

Timizere ta netiweki ta pafoni tisakupusitseni. Rauta ili ndi tsamba lake lomwe limanena zoona. Lumikizani foni ku rauta, tsegulani Chrome, lembani adiresi yomwe ili pa kapepala ka pansi pa rautayo. Pa marauta ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1. Fufuzani manambala awiri, RSRP ndi SINR. RSRP ndi mphamvu ya netiweki ndipo imalembedwa ndi kamzere ka kuchotsera kutsogolo: -85 ndi yabwino, -110 ndi yofooka. SINR imasonyeza kuti netiwekiyo ndi yoyera bwanji. Ikaposa 13 zinthu zili bwino, ikayandikira 0 gemu ivuta. Kenako nyamulani rauta ndi chingwe chamagetsi chachitali, muyende nayo nyumba yonse. Iikeni pawindo la kum'mawa, dikirani mphindi imodzi, werengani. Pitani pawindo la kumadzulo. Ikwezeni pamwamba pa kabati. Mudzaona manambala akusintha kwambiri pa mtunda wa masitepe ochepa. Malata amabweza mafunde, ndiye rauta yokwezedwa mpaka kugunda denga si kuti yapeza pabwino ayi. Kuseri kwa wailesi yakanema, mkati mwa kabati ndi pansi pa tebulo ndi malo oipa onse.

N'chifukwa chake pogula, ine ndimayamba ndatembenuza rauta kuona kumbuyo ngati ili ndi mabowo olumikizira mlongoti wa panja. Kwa munthu wokhala kuchigwa, mlongoti womangidwa pa nsungwi kapena paipi, woloza kunsanja, umathandiza kuposa china chilichonse cholembedwa pabokosi. Onaninso ngati ili LTE Cat 4 kapena Cat 6: ya Cat 6 imatha kukoka mafunde awiri nthawi imodzi pomwe nsanja ikulola. Ndipo ngati m'bale wakutumizirani rauta kuchokera ku Joni, kapena mukugula yogwiritsidwa kale ntchito ku Limbe, ikanimo SIM yanu pomwepo wogulitsa akuona. Marauta ambiri otere anakhomedwa kuti azilandira SIM ya kampani imodzi yokha ya dziko lomwe anachokera.

7. "5G" yomwe ikuoneka pa dzina la Wi-Fi yanu si 5G ya makampani a mafoni.

Rauta zambiri zimaulutsa maina awiri, lina lothera ndi 5G. Imeneyo ndi 5 GHz, mbali ina ya mafunde a Wi-Fi ya m'nyumba. 5G ya nsanja, yomwe TNM inayamba kuyesa mu 2023 ku Blantyre ndi Lilongwe, ndi nkhani ina. Wogulitsa asakukwezereni mtengo ndi chisokonezo chimenechi.

Mbali ya 5 GHz imathamanga ndipo siyidzaza msanga, koma imafooka ikakumana ndi khoma la njerwa zootcha. Makoma awiri okha, yatha. Ya 2.4 GHz imafika kutali, koma ili ndi njira zitatu zokha zosaphana, 1, 6 ndi 11, ndipo imalimbirana malo ndi Bluetooth ya masipika, mahedifoni ndi kontirola ya PlayStation yomwe. Chodabwitsa n'chakuti munthu wa kumudzi, komwe nyumba n'zotalikirana, amakhala ndi 2.4 GHz yoyera kuposa wophunzira wa m'mahositelo oyandikana ndi Catholic University ku Nguludi, komwe chipinda chilichonse chili ndi MiFi kapena foni yogawa intaneti.

8. Chingwe chotchipa chimaposa Wi-Fi yodula.

Pa Wi-Fi zipangizo zimalankhula mosinthana. Chilichonse chimayamba chamvetsera ngati mpata ulipo, ndipo uthenga ukasokonekera m'malere umatumizidwanso. Kudikira ndi kubwereza kumeneku ndiko kumadumphitsa ping. Chingwe cha Ethernet chilibe zimenezo: chimatumiza ndi kulandira nthawi imodzi, ndipo cha mtundu wa Cat5e chimanyamula mpaka 1,000 Mbps pa mtunda wa mamita 100. Ngati mumasewera pa PlayStation, Xbox kapena kompyuta, gulani rauta yokhala ndi mabowo a chingwe, osati MiFi ya m'thumba, muyendetse chingwecho m'mbali mwa khoma. Mukatero rauta ikhale pawindo pomwe netiweki ikugwira bwino, inu mukhale kuchipinda komwe mukufuna.

9. Mdani wamkulu wa ping yanu nthawi zambiri ali m'nyumba momwemo.

Taganizirani kuchigayo tsiku lomwe kwadzaza. Inu mwabwera ndi kabeseni kamodzi, koma kutsogolo kwanu kuli munthu wa matumba khumi, ndipo wa chigayo akuti aliyense pamzere wake. Kabeseni kanu kakanatha m'mphindi ziwiri, koma mukhala mpaka dzuwa kupendeka. Ndi zomwe zimachitika mu rauta. Mlongo wanu akamatumiza kanema pa WhatsApp, kapena foni ya bambo ikamakweza zithunzi ku Google payokha, rauta imaunjika zonsezo pamzere, ndipo kauthenga ka gemu yanu kamaima kumbuyo. Ping yomwe inali 60 imafika 500 popanda chomwe chasintha kunsanja.

Vutoli lili ndi dzina, bufferbloat, lomwe katswiri wina wa ku America, Jim Gettys, analitchukitsa cha m'ma 2010. Mu 2012 Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anatulutsa njira yoyendetsera mzerewo yotchedwa CoDel, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa fq_codel ndi CAKE. Njira zimenezi zimapatsa aliyense mzere wake, ndipo timauthenga ting'onoting'ono timadutsa msanga osadikira zikuluzikulu. Pa rauta muzipeza pansi pa dzina loti SQM, kapena penapake m'gawo la QoS. Marauta a MikroTik amakono ali nazo, chimodzimodzinso rauta iliyonse yomwe yaikidwa pulogalamu yaulere ya OpenWrt. Ngati pali chinthu chimodzi chamkati mwa rauta choyenera kuwonjezera ndalama, ndi chimenechi, osati magetsi ofiira ndi nyanga zisanu ndi zitatu.

Pali chenjezo. SQM imafuna muiuze liwiro lotsikirapo pang'ono pa lomwe mumalandira, kuti mzere uzipangika mu rauta yanu momwe mungaulamulire. Pa netiweki ya SIM liwiro limasinthasintha, ndiye ikani nambala yomwe mumapeza madzulo, osati ya m'mawa. Mudzataya liwiro pang'ono koma gemu idzakhazikika. Ndipo werengani anthu omwe ali pa Wi-Fi yanu. Pasiwedi yomwe munapatsa mnzanu mmodzi miyezi itatu yapitayo mwina pano ikudziwika mzere wonse wa nyumba. Isintheni, musankhe WPA2 kapena WPA3, ndipo musinthenso pasiwedi yolowera pa tsamba la rauta, chifukwa ya kufakitale imakhala yodziwika kwa aliyense.

10. Uthenga woti NAT Type 3 kapena Strict nthawi zambiri si mlandu wa rauta yanu.

Maadiresi a intaneti a mtundu wakale, IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ochepa kuposa anthu a padziko. Pofuna kuti akwanire, makampani a mafoni amaika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Zotsatira zake n'zakuti mnzanu akafuna kulumikizana nanu mwachindunji, monga zimachitikira m'magemu ena a mpira ndi a nkhonya, sakupezani. PlayStation imalemba Type 3, Xbox imalemba Strict. Makanema a pa YouTube adzakuuzani kuti mutsegule ma port pa rauta, koma chitseko chomwe chatsekedwacho chili kukampani, osati kwanu. Mutha kudziwa poona adiresi ya WAN pa tsamba la rauta: ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa CGNAT. Kugula rauta ina sikusintha kanthu. Funsani kampani ngati imapereka adiresi yanuyanu, apo ayi sankhani magemu odutsa pa seva, omwe vutoli siliwakhudza kwenikweni.

11. Setilaiti ya masiku ano imatheka kusewererapo gemu.

Kale zinali zosatheka. Masetilaiti akale a intaneti ali pa mtunda wa makilomita 35,786 kumwamba, ndipo ping yake inali 600 kupita m'tsogolo. A Starlink, omwe anayamba kugwira ntchito m'Malawi mu Julayi 2023, amazungulira pa makilomita pafupifupi 550 okha, ndiye ulendo wa kumwamba ndi waufupi. Kwa munthu wokhala kuseri kwa phiri komwe nsanja siyifika, imeneyi ndi njira yeniyeni. Komabe uthenga ukatsika kumwambako umayenera kuyendabe pansi mpaka ku seva, choncho ping imadalira komwe watsikira. Mbale ya Starlink imafuna thambo loonekera bwino, ndipo nthambi imodzi ya mango kapena bulugamu ikatchinga, intaneti imaduka kwa masekondi ochepa. Wa Facebook sazindikira n'komwe, koma wa gemu amatulutsidwa m'bwalo. Mvula yamphamvu imaifooketsanso. Nayonso imagwiritsa ntchito CGNAT, ndipo mtengo wa zipangizo ndi wa pamwezi ndi wolemera kwa banja wamba. Ndingailimbikitse kwa amene akutsegula malo osewerera magemu pa tireding'i senta, kapena mabanja angapo oyandikana omwe agwirizana kusonkherana.

12. Rauta imadya magetsi ochepa kwambiri, moti kabatire kakang'ono kakhoza kupulumutsa gemu yanu.

Tonse tikukumbukira mdima womwe unatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pomwe malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire anawonongeka ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale pano magetsi amathima osatsazika. Kuphethira kwa sekondi imodzi n'kokwanira kuzimitsa rauta, ndipo kuti idzuke n'kugwiranso netiweki pamapita mphindi imodzi kapena ziwiri, gemu itakutulutsani kale.

Rauta zambiri za m'nyumba zimayendera 12V ndipo zimadya mawati pafupifupi 10, ngati babu limodzi la LED. Kachipangizo kotchedwa mini UPS, kokhala pakati pa soketi ndi rauta, kamaisunga yoyaka kwa maola angapo, ndipo magetsi akathima rauta siyizindikira n'komwe. Nsanja zambiri za netiweki zili ndi mabatire ndi majenereta akeake, ndiye intaneti imakhalapobe. Osewera pafoni ndi pa laputopu ndi omwe amapindula kwambiri, pakuti PlayStation 5 yokha imafuna mawati pafupifupi 200 ikamasewera, kuwonjezera pa wailesi yakanema. Starlink ya mbale yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, choncho amene amadalira sola awerengere bwino batire lake asanagule.

Pogula mini UPS tengani chaja ya rauta yanu, muwerenge ma volt ndi ma amp olembedwa pamenepo, muyesenso ngati kamutu kake kakulowa bwino. Ya 12V ikalowa pa rauta ya 9V kapena 5V imatha kuiotcha. Ndipo nyengo ya mvula ikafika, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kumbukirani kuti mphenzi siyilowera ku soketi kokha. Mlongoti wa panja ndi chingwe chopita kunyumba ya mnzanu nazonso ndi njira zake. Kukayamba kugunda cha kuphiri, zulani zingwe zonse zitatu, cha magetsi, cha mlongoti ndi cha Ethernet, mudikire mvula idutse.